A Firmin ndi Jakisoni wa Ng'ombe

A Firmin Chabrier aweta ng'ombe m'mapiri a Cantal zaka makumi asanu, ndipo m'zaka zonsezo sanakumanepo ndi munthu wowaposa nzeru. Dokotala wa ziweto amamutcha "kamnyamata ka tayi".

Kumunsi kwa khola lawo kuli dambo lomwe makolo ankakwiriramo ng'ombe zofa ndi matenda a anthirakisi. Mudzi wonse umadziwa kuti pamenepo sipakumbidwa, poti majeremusi ake amagona m'dothi zaka zambirimbiri. Chilimwe chitawawa, a Firmin anakumbapo ngalande. Patapita sabata ng'ombe yamkaka inagwa, magazi akuda ali chuchuchu m'mphuno. Anaitumbula okha ndi manjamanja, akuti aone chavuta.

Patapita masiku angapo, amene anawaona chilonda pamkono ndi Maëlle, mpongozi wawo, yemwe maso ake sachoka pa aliyense wofuna kunyamula Lilou, khanda lake la miyezi isanu. Pamkono pa mkuluyo panali chilonda chakuda bii ngati khala, m'mbali motupa.

"Bambo, ichi n'chiyani?"

"Kachiphuphu. Sikapweteka n'komwe. Bweretsani mdzukulu wangayo."

"Chilonda chotere osapweteka? Chondiopsa n'chimenecho."

"Amake Lilou, inu mumaopa ndi ntchentche yomwe. Ndabaya kale."

"Mwabayitsa kuti?"

A Firmin analoza firiji. Pakati pa tchizi ndi mkaka wa mwana panali botolo la penisilini wa ng'ombe. Anali atadzibaya pantchafu masiku awiri n'kusiya.

"Mlingo wake munaudziwa bwanji?"

"Ndimalemera ngati thole. Masamu ake ngovuta pamenepo?"

Maëlle anakhazika mwana m'galimoto, n'kutsekula chitseko chinacho.

"Kwerani. Mwanayu simumukhudza chilondacho chisanapole."

Kuchipatala, dokotala, mayi Vidalenc, anapala chilondacho akupukusa mutu.

"Bambo Chabrier, mwatisokonezera ntchito. Timafuna majeremusi a anthirakisiwa amere m'mbale yoyezera kuti tione mankhwala owapha, poti ena penisilini amangomuseka. Jakisoni wanuyo wangowabisa, sanawamalize."

"Ng'ombe zanga zimachira naye."

"Monga ija munatumbula?"

Dokotalayo anawapatsa mapiritsi amtundu wina, awiri patsiku, mpaka athe. Kamnyamata ka tayi kaja kanabwera kudzachotsa nyama yakufayo ndi kubaya katemera khola lonse, a Firmin akukalangiza kagwiridwe ka jakisoni.

Tsiku lachinayi Maëlle sanapeze mapiritsi patebulo. Anawapeza m'khola, pashelefu, pambali pa mankhwala a nyongolotsi.

"Bambo, awa akutani kuno?"

"Chilonda chauma, mwana wanga. Mapiritsi amphamvu chonchi ndingowameza onse ndekha? Chisanu chikubwera, mathole adzatsegula m'mimba."

Maëlle analongedza matewera, mabotolo ndi kabedi kopinda, ndipo dzuwa lisanafike pamutu anali pamsewu wa ku Aurillac, kwa amayi ake. A Firmin anatsala pageti, akuuza galu kuti atsikana a masiku ano alibe mtima.