Payi ya Mbatata za M'nkhuti

Tauni yathu itangosiya dzina lachizungu n'kuyamba kutchedwa Chipata, amuna anga anakwezedwa pantchito ku boma, ndipo tinalowa m'nyumba imene mzungu wina anasiya. Anatisiyira maluwa osadyedwa pakhomo ndi chitofu chachitsulo cha nkhuni, chokhala ndi uvuni. Ine wa ku Kasenengwa, wokulira pamafuwa, ndinaona kuti uvuniwo ndi kabati yabwino. Ndinkasungamo mchere ndi machesi kuti zisanyowe.

Ufulu unabwera ndi matenda ake. Akazi a anthu a m'maofesi anayambitsa kalabu yophunzira kuluka ndi kuphika zachizungu, ndipo wotsogolera anali mkazi wa bwana wa amuna anga. Tinkawatchula kuti adona. Tinathamangitsa adona oyera n'kudzipezera athuathu, ovala magolovesi mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Lero ndikuwaseka, koma nthawi imeneyo ndinkafunitsitsa kulowa m'kalabumo moti mtima unali dyokodyoko. Lamulo linali lakuti wofuna kulowa aphike chinthu cha mu uvuni, adona alawe. Choncho amuna anga anawaitana, pamodzi ndi bwana, kuti adzamwe tiyi masana a Khirisimasi.

Ndinasankha payi, keke ija yoika maapozi m'kati, chifukwa ndinaionapo ikuphikidwa kwa masisitere ndili mtsikana. Maapozi kunalibe, ndiye ndinati ndiikamo mbatata. Ndinali nditaiwala kuti mu Disembala mbatata imakhala ikadali kholowa m'munda. Miyezi isanu yokha ya m'tauni, mwana wa mlimi n'kuiwala nyengo. Ndinazungulira msika wonse, amayi ogulitsa akundifunsa ngati ndatsika kumene kuchokera ku Ulaya.

Anandiombola ndi amama. Uthenga utawapeza anafukula nkhuti yawo, dzenje lija ankasungamo mbatata pozithira phulusa, n'kutola zotsalira. Zinali zofota, koma mbatata yogonera m'nkhuti imatsekemera kuposa yongokumba. Anafika pa lole, opanda nsapato, atanyamulanso poto wawo wakuda amene sankamusiya kulikonse. Ndinawayalira mphasa kuseri kwa nyumba, n'kuwauza mozungulira kuti alendo akabwera asavutike ndi kudzuka, apumule. Anangoti chabwino. Amama sanali munthu womuuza kawiri.

M'mawa wa Khirisimasi ndinaphika mbatatazo, n'kuzikanya ndi mkaka, mazira ndi shuga. Ndinayala ufa wa tirigu wokanda m'mbale yachitsulo, n'kuthiramo. Amama anaima pakhomo la khitchini n'kundilangiza kuti ndiyambe ndayesa moto ndi dzanja. Ndinawayankha kuti izi si za chigumu cha kumudzi. Ndinasonkhezera chitofu ngati ndikuwotcha njerwa, ndinalowetsa mbale, ndinatseka, ulendo wa ku Misa.

Pobwera tinalonjeredwa ndi utsi. Mchere ndinali nditachotsa mu uvuni muja, koma machesi ndinaiwala. Payi yanga inali khala lenileni, yolimba yoti n'kugendera galu. Ndinakhala pansi ndi diresi langa latsopano n'kuyamba kulira, amuna anga akungoyang'ana wotchi.

Amama sanandinyogodole. Anatenga zokanya zimene zinatsala m'beseni, anayala ufa m'poto wawo uja, anaika makala pansi ndi ena pamwamba pa chivindikiro, monga amachitira ndi chigumu. Anakhala pamphasa paja kuseri, akuzunguliza potoyo pang'onopang'ono. Itapsa inatuluka yofiirira bwino, fungo lake mpaka kumsewu. Ine ndinaisamutsira m'mbale ya maluwa n'kutsegula mazenera onse kuti utsi uthe.

Alendo anafika. Adona anavula magolovesi, anadula kachidutswa ndi foloko, anatafuna nthawi yaitali. Anati n'zokoma ndithu, ndipo anafunsa ngati uvuni wanga umagwira bwino. Ndinati sundivuta konse. Kenaka anasuzumira pazenera, n'kuona munthu wachikulire akukwecha poto ndi mchenga. Anafunsa kuti ndi ndani.

"Ndi amayi ena a kumudzi," ndinatero ine, ndi pakamwa panga pomwepa. "Amatithandiza ntchito."

Zenera linali lotsegula, ndipo analitsegula ndine.

Adona anadyanso kachidutswa kena, n'kuika foloko pansi. Anati mbatata imeneyi ndi ya m'nkhuti, ndipo pamwambapo akumva makala a pachivindikiro, chifukwa iwo anakulira ku Madzimoyo akudya zotere. Ine ndinkayesa anabadwira m'sitolo. Anadzuka, anazungulira kuseri, ine ndikuwatsatira ngati mbuzi yopita kokaphedwa. Anagwada pafumbi, masitokini ndi zonse, anaomba m'manja, n'kupereka moni m'Chinyanja cha kumudzi chimene sindinkadziwa kuti ali nacho. Atatero anapempha amama kuti adzaphunzitse akazi a m'kalabu kuphika kotere, popeza mauvuni awo onse ankangopsereza.

Amama anapukuta manja pachitenje, modekha.

"Ine ndine wantchito, mayi," anatero. "Pemphani kwa abwana anga awo."

Anandiloza ndi chala. Adona anayang'ana nkhope ya amama, anayang'ana yanga. Mphuno yathu ndi imodzi, mpata wa mano ndi womwewo. Manyazi amene ndinamva pamenepo sanandichoke mpaka lero, ndipo ndikanakonda akanandimenya khofi.

M'kalabu anandilemba, ndisaname. Ndinakhalamo zaka zingapo ndikuluka tinsalu ta patebulo, aliyense akudziwa nkhani yanga. Amama ananyamuka ndi poto wawo m'mawa wotsatira Khirisimasi ija. Anakana kuti ndiwaperekeze, ati abwana saperekeza wantchito.

Nyengo yokumba mbatata itafika, lole ya ku Kasenengwa inatsitsa thumba lathunthu kunyumba kwa adona. Kwa ine dalaivala anabweretsa kaphukusi kakang'ono komanga ndi luzi. Munali bokosi la machesi.