Wojambula wosasudzulidwa

Kujambula zithunzi ndinaphunzira ku koleji, koma ntchito ankandipezera ndi mkazi wanga. Iye ali moyo sindinkadziwa zimenezi. Ndinkayesa kuti anthu a ku Matero amandiitana ku maukwati awo chifukwa cha satifiketi imene ndinaipachika pabalaza, komanso chifukwa pa zithunzi zanga munthu aliyense ankatuluka ndi mutu wake wonse. Ojambula ena a m'komboni ankadula anthu mitu.

Inali nthawi imene ufa unkagulidwa pamzere. Nyuzipepala imene ndinkayembekeza kuti idzandilemba ntchito inali kuchotsa anthu. Mkulu wina kumeneko anayang'ana zithunzi zanga chimodzichimodzi, kenako anandifunsa ngati ndikudziwa kumene kukupezeka mafuta ophikira. Filimu nayo inkasowa, moti ukaipeza unkayamba waganiza usanadine. Koma anthu sanaleke kukwatirana, ndipo panalibe wofuna kukwatira popanda umboni.

Mkazi wanga sankaphonya kanthu. Kukagwa maliro ku George, iye ali komweko atamanga chitenje. Phwando la mkwatibwi ku Chilenje, iye ali kuseri akudula kabichi. Lachinayi kwaya, Lachisanu kukaona odwala. Ine ndinkangoti amachedwa kubwera kunyumba. Akabwera ankanena akuvula nsapato kuti Loweruka kuli ukwati kwa akutiakuti, ndipite ndi kamera, ndivale malaya oyera. Ndinkafika anthu akundidziwa kale. "Ndimwe bamuna bake ba uja wa kwaya? Bwelani, imililani apa."

Anadwala mvula itayamba, ndipo isanathe tinakamuika ku manda a ku Chunga. Tsiku limenelo sindinajambule. Abale ake ambiri anali kutali, ku Kopala kumigodi. Anabwera ochepa, nabwerera msanga chifukwa mabasi anali ovuta. Azakhali ake, mlongo wawo wa abambo ake, sanabwere n'komwe. Anali atatupa miyendo.

Anthu atabalalika ndinapukuta kamera, ndinachapa malaya oyera, ndinadikira. Palibe anabwera.

Ndinati ndi mavuto a dziko. Ndinasankha zithunzi zanga zabwino, ndinazimata pa katoni, ndinayamba kuyenda nazo. Ndinkapita m'matchalitchi, m'maholo, kwa osoka madiresi aukwati, kwa mayi wina wophika makeke ku Kaunda Square. Kulikonse ankandilandira bwino. Ankandipatsa mpando panja, ankandipepesa, ankandipatsa moni dzanja ataliika pachifuwa. Zithunzizo ankaziyamikira. Ena ankadzipezamo n'kuitana anzawo kuti adzaone. Kenako ankanditsanzika.

Ntchito imene ndinkaipeza inali ya zithunzi za pa reji, chiphaso cha unzika chija, ndi maliro. Pamaliro pokha ndi pamene ankandiitana mosazengereza, ndipo ndinaphunzira kujambula bokosi dzuwa lili kumaso. Koma amaliro amafuna chithunzi chimodzi chokha, pamene aukwati amafuna aliyense aoneke, ngakhale amene anangobwerera mpunga. Bambo wina wa ku msika anayamba kundifunsa za kamera, kuti ndikatopa nayo ndimuuze. Poyamba ndinkamudutsa. Kenako ndinayamba kuima n'kumamvetsera.

Mwana wa aneba athu anakwatiwa, mtsikana amene ndinamujambula ali wa sukulu. Anaitana wojambula wa ku Kanyama. Zithunzi zitatsukidwa anandionetsa. Mkwati analibe mphumi.

Mawa lake ndinapita kwa amayi amene ankatsogolera gulu la amayi ku tchalitchi cha mkazi wanga. Maukwati ambiri a kwathuko ankadzera m'manja mwawo. Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba. Anandilozera mpando ndi chibwano.

"Amayi, ndamva kuti mwana wa achimwene anu akukwatiwa."

"Akwatiliwa, ee."

"Kamera ilipo."

"Niziba kuti iliko."

Ndinawapatsa katoni ija. Anaiyang'ana nthawi yaitali. "Vabwino ivi. Uyu ndine, nikalibe kuina so." Anandibwezera, n'kubwerera ku nyemba zawo. "Manje imwe tata, banakumasulani?"

"Ndani?"

"Ba kwao kwa mukazi wanu. Banabwela kukumasulani?"

Ndinati ayi.

"Ndiye mufuna mukaimilile pasogolo pa mwana wa bene, na mukazi wanu ali kumbuyo kwanu? Ise ndise bopemphela, sitikhulupilila ivi vinthu. Koma ba kuchimuna bazafunsa."

"A kuchimuna sapemphera?"

"Bapemphela maningi. Nabeve sibakhulupilila. Koma bali na ba ambuya babo."

Ndinati kamera ndi chitsulo ndi galasi, ilibe mzimu.

"Kamera ilibe," anatero. "Nikamba imwe."

Anataya kamwala kamene anakapeza mu nyemba. Anati m'mbuyomu panalibe ukwati umene mkazi wanga anakathandizako osanena kuti kunyumba kuli wojambula, ndipo amayi onse anali ndi chifundo nane, koma palibe akanandiimika pa ukwati wa mwana wake ndisanamasulidwe. "Kambani na ba mulamu banu," anatero. "Si nkhani yovuta."

Mwambowo ndinkaudziwa. Kwathu ku Chipata timati kusudzula. Munthu akafedwa amakhalabe wa malemuyo mpaka abale a malemu atanena pamaso pa anthu kuti wamasuka. Mawu aja akuti mkazi wanu ali kumbuyo kwanu, amayiwo anawanena ngati chenjezo. Ine ndinayenda nawo mpaka kunyumba ngati nkhani yabwino yoyamba chichitikire maliro.

Choncho sindinafulumire. Ndinajambulabe mareji ndi mabokosi. Ukwati wa mwana wa achimwene awo aja unadutsa. Mwini situdiyo imene ndinkatsukitsako zithunzi m'tauni anasiya kundisungira filimu, chifukwa ankasungira amene anali ndi maukwati. Tsiku lina bambo wa ku msika uja anaigwira kamera, anaitembenuza, anayang'ana mu galasi chakutsogolo ngati akuyang'ana m'botolo. Ndinamulanda. Ndinakwera basi ya ku Chawama.

Mkulu wake wa mkazi wanga ankakazinga zitumbuwa pafupi ndi sitesheni. Atandiona sanaimirire.

"Mulamu, mwayonda monga vija vimendo va kamera yanu."

"Ndi fashoni ya chaka chino, alamu."

"Fashoni ya Zambia yonse. Tengani chimozi, osati vibili."

Ndinadya. Kenako ndinanena chimene ndinabwerera. Anatembenuza zitumbuwa zonse za mu poto asanayankhe.

"Tenze kuyembekeza kuti mukambe mweka. Ba tete benzoti musiyeni, kapena akali kumufuna."

"Ndikumufunabe."

"Naise tikali kumufuna. Manje muzadya chani?"

Anaponya zitumbuwa zina mu poto. Vuto linali la azakhali aja, amene alamu ankawatchula kuti ba tete, chifukwa mwambowo unali wawo, ndipo ndi miyendo yawoyo sakanatha kuima pa sitesheni kudikira basi yosadziwika tsiku lobwera. Alamu anauza amayi otsogolera aja. Amayiwo anauza a kwaya. Mmodzi wa a kwaya anali ndi mwamuna woyendetsa lole ya ku Kopala, amene pa ukwati wake, zaka zapitazo, mkazi wanga anatsuka mbale mpaka manja kutuwa. Azakhali anabwera atakhala kutsogolo kwa lole, miyendo ataisanjika pa thumba la makala. Ine pa zonsezi sindinayendepo phazi.

Mwambowo unachitika m'mawa, panja pa nyumba yathu. Anayala mphasa, ndinakhala pansi nditatambasula miyendo. Aneba anaima kumpanda. Amayi otsogolera aja anabwera ngati mboni, atanyamula Baibulo. Azakhali anaitanitsa ufa. Alamu analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitini chathu, ndipo aliyense anaona kuti ufawo unali wa pansi penipeni.

Azakhali anatapa pang'ono ndi zala, anandipaka pamphumi. Anandimanga mkanda woyera pa dzanja. Analankhula m'Chibemba, motsitsa mawu, ngati akuuza munthu njira. Anati mwana wawo alibe nane mlandu, ndinamusamala mpaka tsiku lomaliza, tsopano andisiye. Ine ndidye ndi anthu, ndipereke moni wa dzanja, ndikafuna kukwatira ndikwatire. Ufa umene unatsala ku zala anaukuntha mosamala kubwezera m'chitini.

Basi. Kuika filimu mu kamera kumatenga nthawi yaitali kuposa pamenepo.

Ndinakhalabe pamphasa mpaka alamu anandiuza kuti ndiimirire, mphasayo ndi yobwereka. Amayi otsogolera anasamutsira Baibulo kumanzere n'kundipatsa dzanja. Linali louma, lofunda. Ndinali nditaiwala kuti dzanja la munthu wina limalemera.

"Pa Chibelu," anatero. "Ku holo ya ku tchalitchi. Muvale shati yoyela."

Loweruka limenelo ndinapita. Mwini situdiyo anali atapeza filimu mwadzidzidzi. Ndinajambula akwati akulowa, akudula keke, akugwadira makolo. A kuchimuna anayang'ana mkanda wa pa dzanja langa, sanafunse kanthu. Kuseri kumene amayi ankaphika sindinapiteko.

Chakumapeto a kwaya anapempha chithunzi chawo. Anafola panja pa holo, aatali kumbuyo, aafupi kutsogolo, monga ankachitira nthawi zonse. Nditayang'ana mu kamera ndinaona kuti mu mzere wakutsogolo, chakumanja, panali mpata wokwana munthu mmodzi. Sanachite dala. Aliyense anangoima pamene anazolowera kuima.

Ndinatsitsa kamera. Anandidikira akumwetulira, dzuwa likuwawomba kumaso.

"Kansi tata, tizaseka mpaka liti?" anafunsa mmodzi.

"Yandikanani pakatipo," ndinatero.

Anayandikana. Ndinadina. Onse anatuluka ndi mitu yawo.