Ndinanenepa pa bwalo la ndege

Chaka chimene Chitaganya chinkatha, ndinali nditakhala zaka khumi ndi zinayi ndikusankha fodya pa pulazi ina ku Trelawney, dera la ku Halale, kwathu ku Ntcheu osapondako. Mtchona weniweni. Kenaka kalata inabwera yoti amayi maso anafa, ndipo akufunsa ngati ndidakali moyo.

Sabata yomweyo foromani wathu, Mshona wokonda wailesi, anatiuza kuti ndege za boma, zimene maiko atatu a Chitaganya ankayendetsa limodzi, adzazigawana mwalamulo, dziko lililonse zake. "Mukachedwa, achimwene, yotchipa ija yonyamula anthu akuda simudzaionanso."

Kaya zinali zoona kaya ayi, ine tulo tinatha. Ine, kukwera ndege! Komboni yonse inandiperekeza mpaka pa lole, azimayi akululutira ngati ndikukakwatira.

Komatu mtchona safika kwawo chimanjamanja, angamuseke mpaka kumanda. M'sutikesi ndinalongedza bulangete la amayi, majekete atatu a malume ndi azilamu, nsalu za alongo anga, ndi shuga.

Ku Halale, pa bwalo la ndege, kalaliki anaika sutikesi pa sikelo napukusa mutu. Anati yapyola muyeso, lamulo silikulola, ndisiye zina. Ha! Ine wodziwa kulemera kwa belo la fodya ndi dzanja lokha, kugwidwa ndi sikelo! Ndinapsa mtima.

"Nanga zimene munthu wavala mumayesanso?" ndinafunsa.

Anati ayi.

Basi. Ndinapita kuseri, ndinavala majekete onse atatu, nsalu ndinazikulunga pamimba, bulangete pamapewa ngati wodwala malungo. Mwezi wa Okutobala, dzuwa lija! Thukuta linkachita kuyenderera mpaka m'nsapato. Koma ndege itadzuka, minda ikuchepa ngati mabedi a nazale, mitambo ili pansi pa mapazi anga, ndinakuwa ndi chimwemwe, "Mayo ine!" Onse anaseka, ine ndinalibe nazo ntchito.

Sindinavule mpaka kwathu, poopa akuba m'basi. Amayi anandipapasa m'mapewa ndi pamimba, nafuula, "Anthuni, mwana wanga wanenepa! Ku Halale amamudyetsa bwino!"

Ndinayamba kuvula chimodzichimodzi ndikugawa, abale akuwomba m'manja, ena kugwa nako kuseka. Amayi ndinawafunditsa bulangete lawo. Nditatsala ndi malaya okha, amayi anandikokeranso pafupi. Zala zawo zinafika pa nthiti zanga, n'kuima pomwepo.

Anachotsa bulangete lija pamapewa pawo, nandifunditsa ine.