Munthu Amene Ankati Loyce Wadzuka Bwino

Kabokosi kanga kotumizira ndalama pafoni kali pansi pa mtengo wa mango pamsika wa Chiringa. Chiyambireni ntchitoyi, kumanzere kwanga kumakhala a Belita ndi beseni lawo la kalongonda. Ine ndine Saumu, ndipo anthu amati ndili ndi pakamwa. Sindikana, chifukwa munthu amene amaona anthu akuberedwa masana dzuwa likuswa mtengo sangakhale wofatsa.

A Belita ndi mayi wamfupi, wa mikono yolimba, wosasekaseka. Anabadwira m'munsi mwa phiri la Michesi, ndipo napolo wa 1991 anawapeza ali mtsikana. Madzi ndi miyala zitatsika m'phiri, iwo anapulumukira pachulu. Anakwatiwa, mwamuna n'kupita ku Kasungu kukalima fodya, osabweranso. Mwa ana awo atatu, awiri anamwalira ali aang'ono, n'kutsala Loyce yekha. Anamulera ndi kalongonda yemweyu, nyemba zimene umaziwiritsa tsiku lonse, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso, apo ayi odya onse achita chizungulire. A Belita sanadwalitsepo munthu.

Kupusitsika ndiye sankakudziwa. Kuwerenga kumawavuta, choncho mauthenga a pa kafoni kawo ka mabatani, komanga ndi mphira, ankawawerengera ndi Loyce. Akamva zoti apambana mpikisano, ankafunsa kuti anaulowa liti mpikisanowo. Akamva zoti ndalama ija atumize pa nambala iyi, ankafunsa kuti ijayo ndiye iti. Tsiku lina munthu anawaimbira kuti dzina lawo latuluka pa olandira feteleza, angomuuza manambala awo achinsinsi. Anamuyankha mu Chilomwe mawu amene sindingawalembe pano, ndipo msika wonse unaseka mpaka madzulo.

Kenako kunabwera namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023. Mvula inagwa osapuma mpaka phiri linang'ambika. Tsiku limenelo Loyce anali atawoloka mtsinje kukaona mnzake amene anali atangochira kumene, ndipo mudzi umene anapitawo unakwiririka ndi matope. Anthu anakumba ndi makasu. A Belita anayenda kulikonse kumene amva kuti kwapezeka mtembo, kuvundukula, kuyang'ana, kuvundikiranso. Ena anapezeka kutali, mpaka ku Mozambiki, koma Loyce sanapezeke. Pamsasa wa kusukulu kumene ankagona, ankapereka nambala yawo kwa aliyense wobwera ndi galimoto. Inalengezedwa pa wailesi, inayenda m'mafoni a anthu pamodzi ndi chithunzi cha mwanayo, ndipo aliyense wofuna anaitola.

Matope atauma, a Goliati, mchimwene wawo amenenso ndi mwinimbumba, anati achite monga mabanja ena anachitira: adule thunthu la nthochi, alikulunge m'nsalu, aliike m'manda m'malo mwa mtembo, kuti maliro athe. A Belita anakana kwamtuwagalu. Anati iwo sanabereke nthochi.

M'mawa wina nandolo atayamba maluwa, anandipatsa foni kuti ndiwawerengere uthenga. Unkati: “Mwana wanu Loyce ali moyo. Ali m'chipatala kuno ku Mozambiki, sakutha kulankhula. Ine ndine dokotala Nickson. Tumizani ya mankhwala ndi thiransipoti pa nambala ino mwachangu.”

Ndinapsa mtima. Nambalayo inali ya konkuno ku Malawi. Chipatala sanachitchule dzina. Ndipo munthu wosalankhula anamuuza bwanji dokotalayo dzina lake? Ndinawauza zonsezi mosapsatira. A Belita anangoti ndiwagulitse mayunitsi, n'kuimba pomwepo ine ndikumva. Anafunsa bamboyo ngati chipsera chachikulu cha pamwendo wa mwana wawo anachiona. Iye anati eya, wachiona, chili kumwendo wakumanja. A Belita anathokoza n'kudula foni. Loyce analibe chipsera paliponse, ndipo tonse awiri tinkadziwa.

“Ndi wakuba,” anatero, akukonza supuni m'beseni.

Ndinati ndiye tiyeni tikanene kupolisi, tiimbirenso kampani ya foni kuti nambalayo aitseke. Anati mawa. Mawa litafika anati mawa.

Chimene chinatsatira chinandidya mumtima. Tsiku lililonse la msika a Belita ankagula timayunitsi kwa ine, n'kupita kuseri kwa chigayo, kumene phokoso limabisa mawu. Ankabwerako maso ali ofiira koma nkhope itamasuka. Ankaimbira Nickson uja. Ankamufunsa kuti Loyce wadzuka bwanji, ndipo wakubayo, pofuna kuti nyama isathawe, ankapeka. Lero wamwa phala. Lero wakhala panja kuwothera dzuwa. Lero anamwino amuluka tsitsi. Akafika pa za ndalama, a Belita ankati adikire nandolo ache, kenako adikire mavenda akweze mtengo. Sanamutumizirepo kanthu. Wakuba anakumana ndi mayi wodziwa kudikira mphika, ndipo sindikudziwa kuti ankapusitsa mnzake ndani.

Tsiku lina ndinalephera kupirira. Ndinawauza kuti mayunitsi sindiwagulitsanso, chifukwa akudzizunza okha ndipo munthuyo akubera ena iwo akucheza naye. Ndinalankhula mokweza, mpaka ogulitsa tomato anatembenuka. A Belita sanakwiye.

“Ndikudziwa kuti amanama, Saumu mwanawe. Koma kutchalitchi amati malemu Loyce. Achimwene amati malemu. Iwenso ukalankhula umatsitsa mawu. M'dziko lonseli ndi iye yekha amene amandiuza kuti wadzuka bwino.”

Ndinawagulitsa mayunitsiwo.

Kumudzi kwa a Belita kuli mtsikana wina, Aliness, amene mwamuna wake Julius anapitanso ndi madzi osapezeka. Anamusiyira ana awiri. Bungwe lina linamupatsa malata kuti afolere kanyumba kamene abale anamuumbira njerwa, ndipo ankayembekezera kufolera mvula isanayambe. Tsiku lina la msika anafika pabokosi panga mwana ali kumbuyo, n'kundipatsa foni kuti ndimuthandize kumvetsa chifukwa chake adokotala akufunanso ndalama zina, pamene za ambulansi anatumiza kale. Nditaona nambala, inali yomwe ija.

Ndinamufunsa kuti ndalamazo anazitenga kuti. Anati anagulitsa malata aja, motchipa, chifukwa adokotala anati Julius akapanda kunyamulidwa sabata yomweyo adulidwa mwendo. Ndalamazo anakatumizira ku Migowi, poti adokotala anamuchenjeza kuti asauze anthu a pafupi, angamuchitire nsanje. Ndinamufunsa, mwaukali ndithu, kuti anakhulupirira bwanji munthu amene sanamuonepo.

Aliness anatembenukira kumanzere kwanga. Anati poyamba anakayika, koma mudzi wonse ukudziwa kuti amake Loyce amalankhula ndi dokotala ameneyu, ndipo amake Loyce sapusitsidwa ndi munthu.

A Belita anali atagwira supuni m'mwamba, kasitomala akudikira. Anaibweza m'beseni pang'onopang'ono. Kenako ananena okha, popanda wowafunsa, kuti tsiku lina Nickson anawafunsa ngati m'mudzimo muli enanso amene akusowa abale, kuti awayang'anire m'mawodi. Iwo, pofuna kuti macheza atalike, anamutchulira Julius, msinkhu wake, dzino lake lobenthuka, ndi nambala ya mkazi wake. Aliness anakhala pansi pafumbi. Sanalire, anangomasula mwana kumbuyo n'kuyamba kumuyamwitsa.

A Belita anavundikira beseni ndi chitenje, n'kunena kuti titseke tizipita. Ndinakhoma bokosi langa. Tonse atatu tinayenda mpaka pa polisi. Titafika pakhomo, a Belita anati tidikire kaye. Anatulutsa kafoni kaja n'kuimba, ndipo ulendo uno sanabisale.

“Loyce wadzuka bwanji?”

Ndinamva mawu a bamboyo, osalala ngati a munthu wolalikira m'basi. Anati wadzuka bwino kwambiri, wayamba kutchula mawu, ndipo m'mawa uno anati amayi.

“Zikomo, bambo,” anatero a Belita. Anadula foni n'kulowa.

Wapolisi anawerenga mauthenga onse, a a Belita ndi a Aliness, n'kuyamikira kuti sanawafufute. Anatenga nambala ya wakubayo ndi umboni wa ndalama zimene zinatumizidwa. Pomwepo ndinaimbira kampani ya foni, ndipo a Belita anafotokoza okha kuyambira pachiyambi, osadzibisa. Wapolisiyo sananame: anati za ndalama tisayembekezere kwambiri, chifukwa anthu otere amazitapa tsiku lomwelo, koma nambalayo itsekedwa, ndipo madandaulo akachuluka amathandiza kuwalondola. Anawonjezera kuti tikanafulumira kudzanena zikanathandiza ambiri. A Belita anagwedeza mutu.

Patapita masiku angapo ndinawaona akupita kuseri kwa chigayo. Sanachedweko. Anati kwayankha mayi wa kampani uja, wonena kuti nambala mwaimbayi sikupezeka. Madzulo ake anatumiza mawu kwa a Goliati kuti adule nthochi.

Analikulunga thunthulo m'chitenje cha Loyce, chimene ankavala kukwaya. Ife kwathu amayi sitipita kumanda kupatula ofedwa enieni, choncho ndinatsala pakhomo ndi ophika. Obwera kumandako anandiuza kuti a Belita anaponya dothi osalira, kenako anakhala pansi n'kukana kudzuka mpaka anthu anachita kuwanyamula. Malata a Aliness sanabwerere. Wogulayo anali atafolera kale golosale yake, ndipo mvula inapeza ana aja pansi pa pepala la pulasitiki. A Belita amawapititsira kalongonda wotsala, ndipo Aliness amalandira, koma sawayang'ana kumaso.

Masiku ano munthu akabwera pabokosi panga ndi uthenga wokayikitsa, ine ndisanatsegule pakamwa, a Belita amakhala atayamba kale. Amamuuza kuti asatumize kanthu, asatchule dzina la munthu aliyense, asaufufute, ndipo akanene lero lomwelo. Ena amaseka kuti amayiwa asanduka apolisi. Iwo sasekako.

Mayunitsi anasiya kugula. Koma sabata yatha, msika utazilala, anandipatsa kafoni kaja, mphira yake itatsala pang'ono kuduka. Anati ndiwapezere uthenga woyamba uja. Ndinaganiza kuti akufuna ndiufufute, ndipo chala ndinali nditaika kale pabatani.

“Ayi, undiwerengere. Poyambirira pokhapo. Za ndalamazo usawerenge.”

Ndinayang'ana uku ndi uku, ngati wakubayo ndine. Kenako ndinawerenga, osatsitsa mawu: “Mwana wanu Loyce ali moyo.”

A Belita analandira foni yawo, n'kuimanga pansonga ya chitenje. Ndinawathandiza kusenza beseni, ndipo anauyamba wa kumudzi.