Liwu la Chilombo cha Mayi Lorna

Mayi Lorna Petrak atha zaka makumi atatu ndi zisanu m'chipinda chopanda mawindo ku Vancouver, akupanga phokoso la m'mafilimu. Munthu akathyoka khosi pa kanema, dziwani kuti ndi iwo akupotokola kabichi pafupi ndi maikolofoni. Msilikali akamaguba pa mwezi, ndi iwo akupondaponda mchenga atavala nsapato za malemu amuna awo. Chipindacho chimaoneka ngati kudzala: zitseko zakale, maunyolo, ndowa zobooka. A ntchito imeneyi salemba kanthu papepala. Mmene phokoso linapangidwira zimakhala m'manja ndi m'mutu mwa mwini wake basi.

Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo kunabwera bambo wina woonda, Devlin Marsh, ali ndi filimu yake yoyamba, ya chilombo chochokera ku nyenyezi. Chilombocho chinali cha labala, choonekeratu kuti mkati muli munthu. Mayi Lorna anatha milungu itatu akuchifunira liwu mpaka analipeza: kulira kotsika, kwa chinthu chanjala komanso chosungulumwa. Anthu m'maholo a kanema ankagwirana manja akalimva, ndipo filimuyo inatchuka dziko lonse.

Kenako Devlin anakalandira mphoto. Mayi Lorna ankaonera pa wailesi yakanema akumwa tiyi. Mtolankhani atafunsa za liwu lija, mwamunayo anaseka n'kunena kuti analipanga yekha kukhitchini kwake, ndi poto ndi supuni. Poto ndi supuni! Mayi Lorna sanaimbe foni, sanalembe kalata. Mkwiyo wawo anangousunga bwinobwino mumtima, ndipo sunaole.

Itafika nthawi ya filimu yachiwiri, Devlin anali atanenepa, ndalama zili mbwee. Chilombo anachikulitsa kakhumi pa kompyuta, ndipo mayi Lorna sanawaitane n'komwe, ati masiku ano makina amapanga zonse. Vuto linali lakuti liwu lakale linali lalifupi kwambiri, pomwe tsopano chilombocho chinayenera kulira kwa mphindi yathunthu mwana wake ataphedwa. Akatswiri atalikoka pa kompyuta kuti litalike, linamveka ngati makina ochapira zovala. Ataonetsa filimuyo kwa anthu ochepa, monga amachitira isanatuluke, holo yonse inafa nacho chiseko.

Lachiwiri lina m'mawa, mvula ikuwaza, Devlin anatulukira ndi maluwa m'manja ndi mabwana awiri a kampani ya filimuyo kumbuyo kwake.

"Amayi Lorna! Koma inu simukalamba, eti?"

"Pukuta mapazi, Devlin. Mchenga uwo ndi wa ntchito."

Anawaonetsa filimuyo. Mizinda inkagwa, zombo zikuphulika, kumwamba kuli psuu. Mayi Lorna anaonera mpaka kumapeto.

"Kukongola ndiye yakongola, ndisaname," anatero. "Maso anga sanaonepo zotere. Koma aliyense akungothamanga ndi kukuwa. Atafa onsewa, palibe ndi mmodzi yemwe amene ndingamulire."

"N'chifukwa chake tabwera, amayi. Tithandizeni liwu lija. Tatsala ndi milungu iwiri yokha."

Mayi Lorna anapita pa shelefu osathamanga. Anatenga poto ndi supuni, n'kuziika patsogolo pa maikolofoni, n'kuyatsa kagetsi kofiira kojambulira.

"Nayu poto, nayi supuni. Khitchini ndi yomwe ino. Tiye nazo, bwana."

Mmodzi wa mabwana aja anatembenuka. "Zoonadi, Devlin, paja unati unalipanga wekha? Nanga tikuvutikiranji? Tapanga timve."

Devlin anatenga supuni. Anamenya poto: ngwe! Anakanda pansi pake. Anafika poika mutu m'potomo n'kubangula ngati ng'ombe, munthu wamkulu wa mphoto zake, thukuta lili kamukamu. Mayi Lorna anapinda manja n'kumuyang'ana. Mtima wawo unkakoma zedi, ndipo sanachite nazo manyazi.

"Chabwino," anatero Devlin pomaliza. "Ndinanama. Liwu lija ndi lanu."

"Kweza mawu, mwanawe. Makutu anga ndi okalamba."

"Ndinanama! Munalipanga ndinu!"

"Eya. Zalowa bwino zimenezo." Anazimitsa kagetsi kaja.

"Ndiye mutipangira, amayi? Dzina lanu tililemba m'zilembo zikuluzikulu. Nenani chilichonse chimene mukufuna."

"Ndikanakonda, bambo anga," anatero mayi Lorna mokoma ngati akupereka moni kutchalitchi. "Koma zaka zisanu ndi zinayi n'zambiri. Manja anaiwala."

Anawaperekeza mpaka pakhomo, mabwana ali patsogolo osamuyankhula Devlin, ndipo anakhoma chitseko.

Manja sanaiwale kanthu. Mayi Lorna anatsitsa pamwamba pa kabati zinthu zitatu zimene anapangira liwu lija, zimene sindinena pano chifukwa ngakhale ine anandiletsa. Anaonetsetsa kuti maikolofoni ndi yozima, n'kuyamba. Chilombo chinalira mwana wake kwa mphindi yathunthu m'chipindamo, kulira koposa kwa kale kuja, mpaka iwo eni tsitsi linawaima ndipo misozi inalengeza. Zinawapweteka, pakuti ankadziwa kuti pa moyo wawo wonse sanapangepo chinthu chabwino chotere. Anapukuta m'maso, n'kubweza zinthuzo pamwamba pa kabati, n'kupita kukadya nkhomaliro. Filimu inatuluka patatha milungu iwiri, chilombo chikulirabe ngati makina ochapira omwe aja.