Makope Khumi ndi Anayi a Achimwene Killian

Mukakumana ndi achimwene anga a Killian m'tauni, cholembera chofiira chili m'thumba la malaya, musawapatse moni ngati muli pachangu. Mukati "muli bwanji", adzakuuzani zoona, kuyambira dzino mpaka chidendene. Sayang'ana munthu m'maso, mahutala a maminibasi amawapweteka mpaka amatseka makutu, ndipo bodza, ngakhale laulemu, salidziwa. Dzina la chibadwa chawochi tinalimva atakula kale, kwa namwino wina wa kutchalitchi kwathu, akuti otizimu. Kukomboni kwathu ku Kabwata anthu ankangoti ndi amwano.

Ntchito yawo ndi kutayipa makalata m'kashopu kena. Chizungu chawo ndi cha m'buku, ndipo amene anachimva kuwawa ndi atate athu, a Gilson Sakala. Atate anali kondakitala wa mabasi mpaka kampani itatsekedwa, ndipo Chizungu chawo chinali cha pasiteshoni: apa Chinyanja, apo Chibemba, Chizungu n'kubwera kumchira. Aliyense ankawamva bwinobwino. Koma achimwene, eee! Atate akangotsegula pakamwa, iwo kope lili kale pabondo. Ankalemba tsiku, nthawi, mawu a atate ndendende, kenako pansi pake, ndi inki yofiira, momwe buku limafunira.

"Iwe Killian, wanimvela olo sunanimvele?" ankakalipa atate.

"Ndakumvani."

"Nanga chalakwika n'chani?"

"Chiganizo chanu."

Ine Muriel, mlongo wawo, ndinkachita manyazi, ndisaname. Tsiku lina ndinabisa makopewo. Achimwene anakhala masiku awiri osadya, ndipo ndinawabwezera ndekha.

Boma litalola kuti okhala m'nyumba za khansolo azigule, atate anagula yathuyi. Amayi anali atatisiya kale. Mu Januwale 1998 atate anagwa pakhomo, mbali imodzi ya thupi n'kufa, pakamwa n'kutsekeka. Mu Epulo tinawaika.

M'mawa mwake achibale anakhala pansi pa tenti kuti agawe katundu. Apo ndiye anaimirira bambo athu aang'ono, ba Reuben a kumayadi ku Kabulonga, omwe pa matenda onsewo anabwera kamodzi, osakhala n'komwe pansi. Anatulutsa kalata yotayipa, yosainidwa, ya pa 10 Febuluwale. Akuti atate anawauza mawuwo okha n'kusaina. Nyumba ipite kwa ba Reuben. Killian, poti mutu wake suyenda bwino, apite kumudzi ku Katete. Muriel adzakwatiwa.

Mayo ine! Munthu amene wakwera minibasi pamalo amodzi zaka khumi ndi chimodzi, amene mukasuntha kapu yake amasowa mtendere tsiku lonse, akakhale ku Katete? Kunali kumupha. Koma akuluakulu ankangogwedeza mitu, poti Chizungu cha m'kalatamo chinali chosalala ngati cha loya, ndipo pa bwalo lotere mwana sayankha asanapatsidwe mpata.

Achimwene za mpata sazidziwa. Anadzuka, kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi katoni.

"Khala pansi iwe!" anatero ba Reuben.

"Mwati tsiku lanji?" anafunsa achimwene, maso ali pa katoni.

Anatenga kope lomaliza, la khumi ndi chinayi, n'kutsegula pa 19 Januwale. Anawerenga zimene atate ananena m'mawa umenewo, akudandaula za mpopi wodontha. Abale anga, sanawerenge chabe. Anatulutsa mawu a atate enieni, Chizungu chawo chosakanizacho, kakokedwe kawo, mpaka kachifuwa kaja kapakati pa chiganizo. Azakhali athu aakulu, a Imelda, anakuwa n'kudziphimba kumutu ndi chitenje. Munthu tamuika dzulo, lero akukalipira mpopi pakhomo pake! Zofiira zam'munsi achimwene anazidumpha.

Anatembenuza tsamba, mawu awo n'kubwerera mwakale.

"Januwale 20. Palibe cholakwa. Atate sanalankhule. Januwale 21. Palibe cholakwa. Atate sanalankhule."

Wina anati zakwana, koma achimwene akayamba mndandanda sauleka panjira. Anawerenga tsiku ndi tsiku.

"Febuluwale 10. Palibe cholakwa. Atate sanalankhule. Dzanja lamanja silikugwira supuni. Muriel wawamwetsa phala. Alendo: palibe."

"Mukumvera wamisala?" anakuwa ba Reuben, thukuta lili kamukamu. "Ni mapepala chabe aya!"

Azakhali anavundukula chitenje. "Reuben, mwana uyu tonse pano anatichititsapo manyazi. Ine anandiuza pa ukwati, anthu ali mbwee, kuti wigi yanga yapendama. Ndipo inalidi yopendama. Iwe unayamba wamumvapo akunama?"

Palibe anaseka. Ba Reuben anapinda kalata yawo kanayi, n'kuibweza m'jekete. Anapita kugalimoto osatsazika, ndipo za nyumba palibe anazitchulanso. Tikukhalamo mpaka lero.

Anthu atabalalika ndinawapeza achimwene m'chipinda cha atate, akusanja makope m'katoni mwa ndondomeko yake. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti makopewo ndi chipongwe, kuti munthuyu atate sankawakonda. Pamaliro sanagwetse msozi ngakhale umodzi, ndipo ndinali nditawakwiyira.

"Achimwene, bwanji zofiira zija simunawerenge?"

"Zofiirazo atate sananenepo. Ndi zanga."

"Nanga masiku onse aja, atate osalankhula, munkakhaliranji pambali pa bedi ndi kope?"

Anatseka katoni, maso ali pa bedi lopanda munthu.

"Ndinkadikira kuti alakwitsenso."