Chinkhanira wa pa Geti

Achimwene anga akhala pa geti la kampani ina zaka khumi ndi zinayi. Ntchito yawo ndi kukweza chitsulo chotchingira magalimoto, kulemba nambala ya galimoto m'buku, n'kumenya saluti kwa galasi lakuda lomwe silitsika. Ambiri amangowalizira hutala. Ena amawaitana kuti "iwe gadi", munthu wa imvi zake, iwo n'kumwetulira.

Atagula foni yaikulu, mwana wawo wamkazi, amene timangomutchula kuti Telala, ndiye anawatsegulira tsamba pa intaneti.

"Ndilembe dzina lanu lenileni, ababa?"

"Ayi, mabwana angandione. Lemba Chinkhanira."

Tinaseka tonse. Mwanayo anasankhanso yekha chithunzi cha chinkhanira chotukula mchira.

Chinkhanira analuma ndithu. Magalimoto akachepa masana, achimwene ankakhala m'kanyumba kawo ka pa geti n'kuyamba kugawa chipongwe. Woimba, mayi wotsatsa makeke, mtsikana wovala gauni ya pa yunivesite, onse analawa. Sankayang'ana n'komwe kuti akutukwana yani. Tsiku lina ndinawafunsa kuti anthuwo anawalakwira chiyani.

"Mlongo, ndi macheza chabe," anatero. "Koma kumeneko ndikalankhula, anthu amayankha."

Mawu amenewo anandipweteka.

Telala ankasoka pa makina amene bambo ake anamugulira atagulitsa njinga yawo. Mwakachetechete anatsegula tsamba lake m'dzina la kashopu kongopeka, n'kumaikapo madiresi ali pa hang'ala, nkhope yake osaonetsa. Bambo ake ankafuna adzawauze makasitomala akachuluka.

Loweruka lina anabwera kwathu maso ali psuu, n'kundipatsa foni. Pansi pa diresi yobiriwira, imene anaisoka milungu iwiri, panali chithunzi chija cha mchira wotukula: "Wasoka ichi abwerere kukatsuka mbale. Thumba la makala likuposa." Oseka anali mazana awiri.

"Azakhali, musawauze," anandigwira dzanja. "Akadziwa afa ndi manyazi."

Ndinapsa mtima, koma ndinalonjeza. Mpaka lero sindikudziwa ngati ndinachita bwino.

Tsamba lake lija Telala analifufuta. Makina anawafunditsa nsalu, pamwamba pake n'kuikapo beseni. Patapita milungu itatu ndinali kwawo, achimwene akuvula nsapato za kuntchito, foni yawo ili patebulo.

"Mwanawe, makina aja bwanji ali zii? Aonongeka?"

"Ayi, ababa. Wina pa intaneti anati sindidziwa kusoka."

Achimwene anaimirira ndi nsapato imodzi. Sindinawaonepo atakwiya chotero.

"Ndani ameneyo? Anthu opanda nkhope, amantha! Alibe mwana kwawo? Ndipatse dzina lake, aone chimene chinameta nkhanga mpala!"

Telala anayang'ana foni ija patebulo, kenako anayang'ana ine.

"Ndinaliiwala, ababa," anatero, n'kutola nsapato inayo kukaiika kuseri kwa chitseko.